Kabatire ka Akamwini

Pa kubadwa, kompyuta ya a Kalaliki inali mng'ono wake wa Nesi, mwana wawo mmodzi yekhayo, koma inafulumira kukalamba kuposa aliyense m'nyumbamo. Inabwera yoyera ngati mkaka, tsopano inali yachikasu ngati mano a munthu wosuta. Sikirini yake inali ndi chinkhongo chotulukira kumbuyo, moti tebulo analisendeza kulichotsa kukhoma kuti chinkhongocho chipeze malo. Akaiyatsa inkayamba yabuula, n'kukhosomola, kenaka n'kulemba mawu obiriwira pa galasi lakuda. Mawu oyambawo linali funso lomwelomwelo m'mawa uliwonse: lero ndi pa chani?

"Mkazi mnzanga wadzuka," ankatero mayi Kalaliki akamva kubuulako ali kukhitchini. "Waiwalanso tsiku."

Kuiwalako inali nthenda yake ya zaka zambiri. Akangoizimitsa, tsiku ndi mwezi zinkauluka m'mutu mwake. Munthu wina akanangodina batani n'kulidumpha funsolo, koma osati a Kalaliki. Iwo anakalambira pa ntchito ya ukalaliki ku nyumba yosungiramo katundu, komwenso anaitenga kompyutayo mabwana atagula zatsopano. Atapuma ntchito, dzina linawakanirira, pamodzi ndi lamulo limodzi la ntchitoyo: tsiku longomva kwa munthu sililembedwa. Kalaliki amaliona yekha pa kalendala, chala chili pomwepo, kenaka n'kulemba. Ndipo kalendala m'nyumbamo inali imodzi yokha, kukhitchini, pamwamba pa shelefu ya mchere ndi machesi, kumapeto kwenikweni kwa kolido.

Chaka chapitacho sitiroko inawagwira mbali ya kumanja. Anachoka kuchipatala mwendo ukukoka, dzanja litafumbata, lilime likulemera. Adokotala anawauza mayiwo pakhomo la wodi kuti mankhwala enieni a mwendowo ndi kuyenda. Ukapatsidwa mpata wokhala udzazolowera, ndipo bambowo sadzaimanso. Koma a Kalaliki anakana kutuluka mumsewu ndi ndodo. "Ndikhale kanema wa anthu?" anatero. Zolimbitsa thupi zimene Nesi anawaonetsa anazikananso. "Unesi wakowo uziusiya kuchipatala. Kuno ndiwe mwana."

Ulendo umene sanaukane unali umodzi wokha, wochoka pa kompyuta kupita pa kalendala. Mayi Kalaliki ankaumva usanaoneke. Go, ndodo. Khwee, phazi. Iwo sankacheuka, ankangopitiriza kudula anyezi kapena kutsuka kapu yotsuka kale. Amuna awo akafika ankaika chala pa tsikulo, n'kung'ung'udza ngati alipeza litalakwa, kenaka n'kukhala pa kampando kumwa tiyi asanayambe ulendo wobwerera. Pakati pa kolido mayiwo anaikapo mpando, n'kumaunjikapo matawulo opinda pa chotsamira chake, kuti uzioneka ngati ndi wa matawulowo.

Magetsi akazima masana, msewu wonse unkatukwana. Mayi Kalaliki okha ankaweramitsa mutu n'kunena chamumtima kuti zikomo Ambuye, popeza akayakanso mkazi mnzawo afunsanso tsiku. Nesi atabwera ndi kalendala ya kuntchito kwawo kuti aipachike m'chipinda cha kompyutacho, mayi ake anamuuza kuti khoma la mmenemo silisunga msomali. Chithunzi cha ukwati chinali lende pakhoma lomwelo, koma Nesi anali pa changu, sanafunse zambiri. Nkhaniyi mayiwo sanauzepo munthu. Ankawadziwa amuna awo: atangomva kuti wina akuwayang'anira mapazi, akanakhala pansi osadzukanso, kungofuna kuonetsa kuti salamulidwa.

Lamlungu lina masana, Nesi anabwera ndi mwamuna wake. Mkamwiniyo ankakonza mafoni m'tauni, koma apongozi ake anamukweza udindo n'kumamutcha a Injiniya. Anali munthu wa mtima wabwino ndi manja osakhazikika. Akaona chinthu chikugwedera ankadwala mpaka atachimanga. Mpopi wa kubafa, chogwirira cha ketulo, mwendo wa bedi, zonse zinadutsa m'manja mwake popanda womupempha.

Anawapeza a Kalaliki pa malo awo, akudina mabatani ndi chala chimodzi cha kumanzere. Mphaka anali gone pamwamba pa chinkhongo chofundacho.

"Ababa, chinthu chimenechi mukuchita nacho chiyani mpaka lero?" anafunsa Nesi.

"Dirafuti."

"Mumawina?"

"Imabera," anatero a Kalaliki, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Tingochotsa za m'katizo tiikemo madzi ndi tinsomba, alendo aziona. Kapena nkhuku iziikiramo."

"Ntchito ili nayo kale," anatero mayi Kalaliki ali pakhomo. "Nthawi ya mvula imandiumitsira masokosi."

A Injiniya anagwira pachifuwa ngati wina watukwana mbale wawo. "Musaichite chipongwe, amayi. Kunja kuno kuli anthu amene amasamala zimenezi ngati galimoto zakale, kuzipukuta, kuzisakira zipangizo mpaka kumayiko ena. Iyi ili ndi moyo wautali, ikungofuna kuithandiza pang'ono." Anagwada n'kusuzumira kumbuyo kwa bokosilo. "Ababa, ndikhoza kuiwonjezera memore, iziganiza mofulumira."

"Kuti izindidya msanga?"

"Chabwino, tisiye. Koma diski ikubuulayi yatopa. Pali kakadi konga ka mufoni kamene kangalowe m'malo mwake, phee, osamvekanso kanthu."

"Ikasiya kubuula ndidziwa bwanji kuti ili moyo?"

"Nanga sikirini? Ndili nayo yopyapyala kushopu, tebulo libwerere kukhoma."

A Kalaliki analoza mphaka ndi chibwano. "Mukambirane ndi eni malo."

Nesi anaseka mpaka kukhala pa bedi lake lakale. Mwamuna wake anakanda kumutu. "Basi, ndiloleni ndingoipemerera fumbi. Fumbi lokha, ababa."

"Fumbi lokha," anavomera a Kalaliki.

Mayi Kalaliki anapita kukateleka madzi a tiyi. Anadula buledi, anafufuza makapu a alendo kuseri kwa kabati, anadikira kuti masamba afiire bwino. Pobwerera ndi thireyi anapeza bokosi latsekedwa kale, a Injiniya akupukuta manja ndi mpango, nkhope ili ngwee.

"Amayi, bwerani muone zodabwitsa."

Anaizimitsa kompyutayo, n'kuiyatsanso. Inabuula, inakhosomola, kenaka inangolowa mu dirafuti osafunsa kanthu.

"Vuto lonse linali aka," anatero mkamwiniyo, akuonetsa kanthu kozungulira konga batani la jekete. "Kabatire kosunga nthawi. Kanafa kalekale. Mwamwayi ndinali nako kena m'chikwama. Tsiku ndawaonetsa pa foni, aliona okha ndi maso awo, talemba komaliza. Kuyambira lero iziwerenga yokha, kaya magetsi azime sabata yonse. Ababa savutikanso ndi ulendo wa kukhitchini."

"Wachita bwino," anatero Nesi. "Amandimvetsa chisoni ndi kolido ameneyu."

"Uyu ndi injiniya weniweni," anatero a Kalaliki, ndipo mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira.

Mayi Kalaliki anaitula thireyi pa bedi pang'onopang'ono. "Zikomo kwambiri, bambo," anatero. "Mulungu akudalitseni." Ndipo ananena zochokera mumtima, popeza mwanayo anachita zimenezo mwa chikondi.

M'mawa mwake anamva kubuula kuja, n'kudikira. Anatsuka kapu, anaipukuta, anaitsukanso. M'kolido munali zii. Bafa linali moyang'anizana ndi chipinda chogona, chipinda cha kompyuta chinali khomo lotsatira, ndiye dziko lonse la a Kalaliki linatsala lalifupi ngati mphasa.

"Tiyi wapsa, bambo!" anaitana.

"Abwere kuno."

Tsiku lotsatira anayesa kusawapititsira. A Kalaliki sanadandaule, anangokhala osamwa mpaka masana, ndipo mayiwo ndi amene anagonja. Anayesa kuwaitana kuti adzawatsekulire botolo lolimba. Anayankhidwa kuti botolo lilibe sitiroko, likhoza kuyenda. Anayesa kunena kuti pawindo la kukhitchini patera mbalame yachilendo.

"Ndi yamtundu wanji?"

"Yabuluu, ya mchira wautali."

"Ndaiona ndi maso anuwo, make Nesi. Ndi yokongola."

Masabata awiri asanathe, phazi linayamba kutupa, silipasi kukana kulowa. Tsiku lina podzuka pa mpando a Kalaliki anabwereranso pansi, thi, n'kuyesanso, n'kubwereranso, mpaka anagwira phewa la akazi awo. Onse awiri anachita ngati sizinachitike. Masana ake magetsi anazima, ndipo mayiwo anazindikira atanena kale zikomo Ambuye, mwa chizolowezi. Atayakanso, kuchipinda kunangomveka dirafuti.

Amuna awo atagona tulo ta masana, analowa m'chipindamo atagwira kampeni kosendera mbatata. Anaima kutsogolo kwa mkazi mnzawo. Sankadziwa pomasulira, ndipo ngakhale akanadziwa, akanatani nako kabatire ka mwana wa eni ake? Dzulo lake lomwelo anawamva a Kalaliki akuuza woyandikana nawo nyumba kudzera pawindo kuti ali ndi mkamwini wodzutsa zakufa. Mphaka anatsegula diso limodzi n'kuwayang'ana. "Sindinagwire kanthu," anamuuza, n'kubweza kampeniko m'thumba la epuloni. Anakhala pa bedi la Nesi n'kupemphera mwachidule, monga ankachitira nthawi zonse: Ambuye, Inu mukuuona mwendowu. Ine nzeru zandithera.

Mawa lake anavala nsapato za kutchalitchi n'kukwera basi kupita m'tauni.

Shopu ya a Injiniya inali kampata pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa nsapato. M'kauntala ya galasi munali mafoni otumbulidwa ngati nsomba, lililonse ndi kapepala komata. Munkamveka fungo la waya wopsa. Mwini wake anali ataweramira pansi pa nyale, diso lili pa galasi lokulitsa zinthu, ndipo atadzutsa mutu anaimirira mofulumira mpaka kugunda nyaleyo. Apongozi ake anali asanapondepo mmenemo.

"Amayi, kwagwanji? Ababa ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndi foni yangayi, ikuvuta."

Anawapatsa mpando wake, n'kuilandira foniyo ndi manja awiri. Anaidina, anaiimbira, inalira. Anaitembenuza, anaiyang'ana polowera chaja.

"Ikuvuta potani, amayi?"

"Mwina yachira m'basi."

Mkamwiniyo anaiika pa kauntala n'kudikira. Mayi Kalaliki anafunsa za ntchito, za lendi, za chifuwa cha Nesi. Anayamikira ukhondo wa m'shopumo, ngakhale munalibe ukhondo woti n'kuyamikira. Kenaka anayang'ana nsapato zawo.

"Bambo anu sanafike kukhitchini chichokereni inu tsiku lija."

"Eya, nanga si kabatire kaja kakugwira bwino..." Mawuwo anathera panjira. A Injiniya anakhala pa bokosi la zipangizo. "Ulendo uja ndi umene unali kuyenda kwawo."

"Unali wokhawo."

"Ndiye ine n'kuutseka."

"Inu munakonza chimene chinawonongeka. Nanga mukanadziwa bwanji, ine pakamwa ndili chitsekere?"

"Ndikachotsa lero lomwe, amayi. Ndingotseka shopu."

"Ayi. Mphatso salanda. Komanso mukakachotsa adzafunsa chifukwa, ndipo kalaliki sanamizika kawiri. Akadziwa kuti tikuwayendetsa ngati mwana wophunzira kuyenda, basi, mpando umenewo udzakhala kwawo."

Kwa ometa tsitsi makina ankalira, wina akuseka nkhani ya mpira. A Injiniya anatola kachomasulira n'kumakazunguza m'zala.

"Chikhalidwe changa n'choipa," anatero. "Nesi amanena kuti tsiku lina ndidzakonza munthu woti akungopuma." Anaika kachomasulirako pa kauntala. "Amayi, kodi mulibe kanthu kofuna kulembedwa? Kalikonse, koma kofunikadi. Ababa za masewera azizindikira."

Mayi Kalaliki anaganiza. "Ku gulu lathu la mapemphero tonse maso anatha. Buku la nyimbo zilembo zake ndi ngati nyerere. Ndime yoyamba timaimba ndi mphamvu, yachiwiri timang'ung'udza, yachitatu amaimba ndi Mulungu yekha."

Mkamwiniyo analowa kuseri kwa katani. Kunamveka makatoni akugwa, ndi chifuwa cha fumbi. Anatulukako atanyamula chinthu chachikulu chotuwa, chofanana msinkhu ndi kompyuta ija.

"Pulinta iyi munthu anaisiya kuno ndisanakwatire, sanabwerenso. Imalemba ndi tisingano pa riboni, ndipo imalandira pepala limodzi pa nthawi. Ikalira, agalu a mumsewu wonse amayankha." Anaipukuta pamwamba ndi mkono wa malaya. "Chinthu chaphokoso chotere sichingakhale m'chipinda cha munthu wodwala. Si choncho, amayi?"

Mayi Kalaliki anaiyang'ana pulintayo, n'kumuyang'ana mkamwini wawo. "Za makina mukuzidziwa ndinu, bambo," anatero.

Loweruka m'mawa a Injiniya anafika ndi pulinta, mpukutu wa waya ndi kathumba ka timisomali. Nesi anali ku ntchito. A Kalaliki anaiona pulintayo ndipo maso awo anawala; ya mtundu womwewo inalipo kuofesi kwawo kale.

"Ikani apa," anatero, akusuntha kapu pa tebulo.

"Apa ayi, ababa. Ikamalemba imagwedeza tebulo, ndiye diski yanu yokalambayi ikhoza kufa ndi mantha. Paja munakana kuti tiisinthe."

"Ikani pa bedi."

"Imafuna pouma. Komanso imafuna soketi yakeyake, ndipo yopanda ntchito ili kukhitchini."

A Kalaliki analoza pakhoma ndi ndodo. "Nanga iyo?"

"Imeneyo ndi yofooka."

"Munaiika ndinu."

"N'chifukwa chake ndikuidziwa, ababa."

Anakhoma wayayo m'munsi mwa khoma, kolido yense, akukwawa ndi maondo, timisomali tili pakamwa. Pulinta inakakhala pa kabati ya mbale, pafupi ndi windo la kukhitchini. Anaikamo pepala limodzi, ena n'kuwasiya pambali.

Apo mayi Kalaliki analowa m'chipinda ndi buku lawo la nyimbo, lachikuto chomatidwa ndi nsalu. Anaima ngati munthu wobwera ku ofesi.

"Ndili ndi ntchito yofuna kalaliki."

"Kalaliki anapuma."

"Ndamva kuti amalandirabe za anthu osauka." Anatsegula pamene panali kaulusi. "Iyi, ndime zonse, zilembo zikuluzikulu. Tikufuna Lachinayi."

A Kalaliki analiyandikitsa bukulo kumaso. "Mumaimba zimenezi osaziona?"

"Timaimba mwa chikhulupiriro."

"N'chifukwa chake zimamveka choncho."

Anaitseka dirafuti pakati pa masewero. M'mawa wonse m'nyumbamo munkamveka chala chimodzi chikugogoda, kuima, kufufuta, kugogodanso. Mayi Kalaliki anathira madzi m'beseni n'kunyika zovala zimene zikanatha kudikira Lolemba. A Injiniya anamwa tiyi ataimirira, khutu lili kukolido.

Dzuwa litafika pamutu, pulinta inakuwa. Inali ngati munthu akucheka malata ndi sowo yobuntha. Mphaka anatulukira pawindo, ndipo galu wa tsidya lina la msewu anayankhadi. Pepala linakwera pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, mpaka linagwera kumbuyo. Kenaka bata.

"Ndikaone geti lija, likumveka ngati likulira," ananong'ona a Injiniya, n'kutuluka msanga.

"Make Nesi!" mawu anachokera kuchipinda. "Latuluka?"

"Chatuluka chinachake."

"Bweretsani."

"Manja ali ndi sopo, bambo. Ndiliwononga."

"Injiniya ali kuti?"

"Ali ku geti."



"Zalembeka bwino?"

"Kuonera kuno zikuoneka ngati zalembeka. Magalasi ndawasiya kuchipinda."

Anamiza manja m'beseni mpaka m'zigongono n'kugwira kolala ya malaya osaichapa. Ambuye, anatero chamumtima, osapitiriza. Kunja a Injiniya ankatsegula ndi kutseka geti. Mpando unalira kuchipinda, n'kukhala chete. Unaliranso. Mayiwo anafuna kuthamangirako ndi phewa lawo, koma anakanikiza mapazi pansi.

Go.

Panapita nthawi yaitali phazi lisanatsatire. Ulendowo unali wolemera kuposa kale. Pakati pa kolido anamva matawulo akugwa pansi, munthu akukhala, akupuma mwaphuma. Anamva ndodo ikufufuza pogwira. Sanacheuke mpaka mthunzi utagwera pa beseni.

A Kalaliki anali thukuta kamukamu, malaya atamatirira pamsana. Anatsamira kabati, n'kutola pepalalo ndi dzanja lamanzere. Analiwerenga lonse, milomo ikuyenda, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zilembo zinali zazikulu zoti ngakhale wokhala kumbuyo akanaziona. Analiika pansi bwinobwino. Kenaka maso awo anatsika pa waya, n'kumutsatira kuchoka kuseri kwa kabati, kudutsa pakhomo, kolido yense mpaka kumene anachokera. Pobwerera, masowo anaima pa soketi ya kukhitchiniyo, pa beseni, ndi pa akazi awo.

"Waya ameneyu," anatero pang'onopang'ono, "munamuyeza ndi mwendo wanga."

Mayi Kalaliki kunama sakanatha, ndipo zoona zinali zitanenedwa kale. Thovu linkaphulika pa mikono yawo. Anadikira kuti amve mawu amene ankawaopa, akuti chotsani zimenezi, ine si mwana.

A Kalaliki anakhala pa kampando kaja, ndodo ili pakati pa maondo. Anayang'ana phazi lawo lotupalo nthawi yaitali, ngati katundu amene wafika wosagwirizana ndi zimene anaitanitsa.

"Muli angati m'gulu lanu la mapempheroli?"

"Ambiri ndithu."

"Ulendo watha munakwana pa benchi limodzi."

"Mulungu akuwonjezera, bambo."

"Ndipo aliyense afuna pepala lakelake."

"Maso athu sagwirizana. Wina amaonera pafupi, wina patali."

"Nyimbo ndi imodzi yomweyi?"

"Bukulo ndi lalikulu," anatero mayi Kalaliki motsitsa mawu.

Mbali yamoyo ya nkhope ija inagwedera pang'ono. A Kalaliki anagwira m'mphepete mwa kabati n'kudzikoka mpaka kuima. Anatenga pepala loyera, analilowetsa mu pulinta, linakhota. Analitulutsa, analiwongola ndi chigongono cha dzanja lodwalalo, n'kulilowetsanso mpaka litakhala bwino. Kenaka anatembenukira kukolido.

"Kamuuzeni Injiniya alowe," anatero ali pakhomo. "Geti limenelo silinalakwe kanthu, angalikonze."